Mbale Yanu Yoyamba Ili Kuti?

 Sabata ino tipumeko pa nkhani za feteleza ndi mitengo ya mbeu, ticeze za nyimbo. Wina angati nyimbo ndi nkhani ya ana, koma dekhani kufikira kumapeto, pakuti m'nkhaniyi muli cuma cimene mabanja ambiri ali kutaya mosadziwa.

Yesani kufunsa munthu wa imvi funso ili: "Kodi mbale ya galamafoni imene munayamba kugula inali ya yani?" Mudzadabwa. Nkhalamba imene siikumbuka kumene yasiya ndodo yace m'mawa idzakuuzani dzina la woimba, sitolo imene inagulamo, ndi mbeu imene inagulitsa kuti ipeze ndalamazo. Tsono funsani mnyamata wa lero nyimbo imene anayamba kuika m'foni yace, adzangokanda m'mutu. Mnyamatayo alibe mlandu. M'kakhadi kace kocepa ngati cikhadabo muli nyimbo zoculuka kuposa zimene zinali m'masitolo onse a Fort Jameson, ndipo zambiri anangopatsidwa ndi mnzace. Ife nyimbo tinali kuilipira ndi thukuta, imodzi imodzi, ndipo cimene munthu wakhetsera thukuta saciiwala.

GALAMAFONI YA AMALUME

Kwathu ku Tamanda, kufupi ndi malire a dziko la Malawi, nyimbo za m'bokosi zinafika zitasenzedwa pa mutu ndi anthu ocokera ku nchito. M'masiku a atsamunda amuna ambiri a cigawo cino anali kupita ku mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena ku Joni, ena ku migodi ya mkuwa, kukafuna ndalama ya msonkho ndi zobvala. Munthu wobwerako bwino anali kudziwika ndi zinthu zitatu: njinga, sutikesi yacitsulo, ndi galamafoni. Amalume anga anabwera nazo zonse zitatu kucokera ku Bulawayo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ine ndili m'kalasi ya Sub B.

Kwa ana amene sanaione, galamafoni inali bokosi lofanana ndi sutikesi yaing'ono. Sinali kufuna magetsi kapena mabatire. M'kati mwace munali sipuling'i imene munthu anali kuikunga popukusa cogwirira ca m'mbali, ndipo sipuling'iyo pomasuka ndiyo inali kuzunguza mbale. Singano yacitsulo inali kuyenda m'kanjira kopyapyala ka pa mbalepo, kunjenjemera kwa singanoyo n'kusanduka mau. Mbale inali kuzungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inali kutha pa mphindi ngati zitatu. Sipuling'i ikafooka nyimbo ili m'kati, woimba wamkazi anali kusanduka mwamuna, mwamuna n'kusanduka ng'ombe, kufikira wina atathamanga kukapukusanso.

Mbalezo zinali zolemera, zopangidwa ndi utomoni wocokera ku tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India, ndipo zikagwa zinali kusweka ngati phale. Pa cifukwa ici malamulo a amalume anali okhwima kuposa a pa bwalo la mfumu. Mwana sanali kuloledwa kukhudza mbale. Wopukusa anali mmodzi yekha, mkulu wanga, amene anaphunzitsidwa polekezera kuopa kudula sipuling'i. Masingano anali kugulidwa m'tizitini, ndipo opanga anali kulangiza kuti singano isinthidwe ikangoimba mbali imodzi. Koma ku boma kunali kutali, cotero masingano akatha tinali kunola akale pa mwala. Mbale zinali kudyeka msanga, nyimbo n'kumamveka ngati ikuimbidwa m'kati mwa mvula ya matalala, ife osaleka kubvina.

Pa mbale zambiri za amalume panali dzina la Gallotone, la kampani imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg m'caka ca 1926. Zina zinali za Troubadour, zinanso za His Master's Voice zokhala ndi cithunzi ca galu wochera khutu ku lipenga la galamafoni. Agogo anali kunena kuti galuyo amamvera bwino kuposa adzukulu ao onse. Panali George Sibanda wa ku Bulawayo, woimba yekha ndi gitala yace m'Cindebele. Panali Spokes Mashiyane ndi kacitoliro kace kacitsulo, mwini wace wa kwela. Mau a nyimbozi sitinali kuwamva, koma tinali kuwaimba motsanzira monga momwe khutu latolera, ndipo amalume, amene anali kudziwa tanthauzo lace, anali kuseka mpaka misozi.

Bokosi limenelo linaphunzitsa anyamata ambiri. Sipanapite nthawi, aliyense anali ndi citoliro ca bango, ena anakhoma mabanjo a zitini za mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Zoterezi zinali kucitika ponseponse. Kutsidya kwa malire, ku Chileka, Daniel Kachamba ndi mng'ono wace Donald anaitenga kwela yomweyo naisandutsa yaoyao, mpaka anakaimba nayo ku Ulaya.

ZIMENE MWATIFUNSA

Galamafoni inali ndi mbale zowerengeka, ndipo amene anali kutiuza za nyimbo zatsopano ndi wailesi. Nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inali kuulutsa mau kwa anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain. Inali yobulungira ngati poto, ya mtundu wobiriwira ngati thambo, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5, batire yogula payokha. Kwathu woyamba kukhala nayo anali mphunzitsi. Nthawi ya pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, m'mene anali kuwerenga makalata a anthu opatsana moni ndi kupempha nyimbo, khonde lace linali kucepa. Mai aliyense amene mwamuna wace anali ku nchito anali kumvetsera ndi mtima m'mwamba, kuti kapena amva dzina la mudzi wace.

M'wailesi imeneyi ndimo tinadziwira a Alick Nkhata. Iwo anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922, anapita ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ku Burma, ndipo atabwerako anagwirako nchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyendayenda kujambula nyimbo za anthu a mu Africa. Pa wailesi a Nkhata anali kutenga nyimbo za kumudzi ndi kuziimba ndi magitala, m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina. Ambiri a ife tinayamba kumva kwa iwo kuti cinenero ca kwathu cingathe kuyenda pamodzi ndi gitala popanda kupunthwa. Anaphedwa m'caka ca 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a Zimbabwe pafupi ndi famu yao. Amene mwafika ku Lusaka mwauona mseu wochedwa ndi dzina lao.

ULENDO WA KU CHIPATA

Mbale yangayanga ndinagula ndili kale ndi munda wanga, m'zaka za m'ma 1970. Pa nthawiyo Fort Jameson inali itasanduka Chipata, ndipo mapaundi ndi masheleni anali atalowedwa m'malo ndi kwacha ndi ngwee kuyambira mu January 1968. Galamafoni yopukusa inali itatha fasho. Tinali ndi magumbagumba oyendera mabatire a tochi, ambiri a dzina la Supersonic, ndipo mbale zinali zazing'ono, zozungulira maulendo 45 pa mphindi, nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Mbale zamtunduwu zinayamba kupangidwa ku America m'caka ca 1949, koma kumidzi kwathu zinafika mocedwa. Sizinali kusweka wambawamba ngati zakale zija. Mdani wao anali dzuwa, limene linali kuzipinda ngati cikumba couma.

Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka. Titagulitsa nshawa za Chalimbana ku msika wa Eastern Co-operative Union, ndinapalasa njinga kupita ku Chipata ndi kapepala ka amai m'thumba: mcere, sopo, parafini, citenje. Zimenezi ndinayamba kugula, cifukwa ndinali kuwadziwa amai anga. Zotsala zinali zokwanira mbale imodzi yokha ndi mabatire.

Kugula mbale ku masitolo a amwenye a ku Down Shops unali mwambo wapadera. Munthu sunali kungoloza ndi kulipira ai. Wogulitsa anali kukuikira mbale kuti uilawe, ndipo nyimbo ikangolira, pa khomo panali kudzala anthu amene analibe ngwee koma anali ndi uphungu wambiri. Uyu akuti tenga iyi, uyo akuti imeneyo njakale. Iwe mwini thukuta lili kamukamu, podziwa kuti cimene usankhe lero ndico mudzi wonse udzamva kufikira nshawa za caka ca mawa.

Ndipo zosankha zinalipo. Panali Jim Reeves wa ku America, amene anafa pa ngozi ya ndeke m'caka ca 1964 koma liu lace lofatsa linali m'nyumba ya mphunzitsi aliyense. Panali Franco ndi gulu lace la OK Jazz, limene linayamba m'caka ca 1956 mu mzinda umene lero ndi Kinshasa. Rumba yao inali kubvinitsa ngakhale wodwala msana. Panali simanjemanje ya Mahotella Queens, Mahlathini akubuula pansi pao ngati mkango. Zonsezi ndinali kuzikonda, ndipo ndimazikondabe. Koma wogulitsa ataika mbale ya Nashil Pichen Kazembe, mwana wa Zambia amene anakhala zaka zambiri ku Nairobi, mkangano wa mumtima unatha. Nyimboyo inali A Phiri Anabwera. Ndinalipira, ndinaikulunga m'citenje ca amai, ndipo ndinayembekeza dzuwa lipendeke ndisanayambe ulendo wobwerera.

Nyimbo imeneyi imasimba za munthu amene anachona zaka zambiri, nabwerera kwao cimanjamanja, n'kupeza kuti amene akadamlandira kulibenso. Usiku umene ndinaiika koyamba pa bwalo, acinyamata anayamba kubvina monga mwa masiku onse. Koma akuluakulu anakhala cete. Itatha, mai wina wacikulire, amene mlongo wace anapita ku Wankie iye ali mtsikana ndipo sanalembeko ngakhale kalata, anati, "Mwanawe, bwereza." Ndinabwereza kanai. Amalume aja, amene pa nthawiyo anali atakalamba, anayamba kuchula maina a anzao amene anakwera nao galimoto limodzi koma sanabwerere. Mabatire anatha usiku womwewo.

Apa ndipo pagona kukonda kwanga kwa nyimbo kufikira lero. Mbale za amalume zinali kutibvinitsa, koma zinali kunena za anthu ena m'zinenero za eni ace. Iyi inali kunena za ife, m'mau amene agogo anali kuwamva popanda womasulira. Kuyambira pamenepo ndalama yanga yambiri ya mbale inapita kwa oimba amene nyimbo zao zili ndi nkhani: nyimbo yoti ukaimva ukhale ngati wacokera pa bwalo la milandu kapena pa mphala.

NYIMBO IMODZI SACEZERA GULE

Zaka zimenezo zinali za mwai kwa wogula mbale. Capakati pa zaka za m'ma 1970 malemu Dr. Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Oimba anali kujambula nyimbo ku DB Studios mu Lusaka, kampani ya Teal inali kudinda mbale ku Ndola, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anali kufunafuna magulu atsopano ndi kugulitsa mbale zao. Mbale yodindidwa ku Ndola inali kufika ku Chipata nyimbo ikali yamoto pa wailesi. M'bokosi langa munalowa Lazarus Tembo, woimba wosaona uja amene pambuyo pace anadzakhala m'boma, ndi Emmanuel Mulemena, amene ngakhale anali kuimba kwambiri m'Cikaonde liu lace linali kufika pa mtima.

Mng'ono wanga anali wa gulu lina. Anapita ku sekondale, nabwerako ndi tsitsi lofutukuka ngati cisa ca njuci ndi buluku lotambalala kumapazi losesa bwalo lonse. Mbale zace zinali zazikulu zija, zozungulira pang'onopang'ono, zokhala ndi nyimbo zambiri: WITCH ya Jagari Chanda ndi cimbale cao Lazy Bones ca 1975, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, ndi Ngozi Family. Atate anali kunena kuti magitala a anyamata amenewa amalira ngati nkhumba yokodwa mu mpanda. Gumbagumba inali imodzi, mabatire ogula mosonkherana, cotero mkangano sunali kusowa. Amene anatiyanjanitsa ndi Paul Ngozi. Mng'ono wanga anali kumkonda cifukwa ca gitala yolusa imene nthawi zina anali kuiimba ndi mano. Ine ndinali kumkonda cifukwa anali kuimba m'Cinyanja za mabvuto a m'makomboni, za ana osamvera ndi za mabanja. Mbale yace ikalira, aliyense anali kumva zace, ndipo pa nyumba panali mtendere.

Akulu anati nyimbo imodzi sacezera gule. Sindinganene kuti zimene ndimakonda ine ndizo nyimbo zokha. M'zaka za m'ma 1980 kalindula itabuka, ya P.K. Chishala, Amayenge ndi Masasu Band, tonse awiri tinagwera komweko. Lero adzukulu ali ndi zao zimene ine ndimangomva kugunda kokha, ndipo ndikafuna kudandaula ndimakumbukira atate ndi nkhumba yao ya mu mpanda.

MMENE MBALE ZINATHERA

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zakunja zinayamba kusowa, ndipo pang'onopang'ono zipangizo zodindira mbale, masingano ndi mabatire zinakhala zobvuta kupeza. Kenaka inafika kaseti. Kaseti inali yabwino kwa ife a kumudzi: yopepuka, yosaopa mabampu a mseu, yolowa m'thumba la malaya. Koma inali ndi cilema cimodzi cacikulu, cakuti munthu mmodzi akagula, anthu khumi anali kujambulako kwaulere, ndipo ena anayamba malonda a makaseti okopera. Woimba anali kumva nyimbo yace m'basi iliyonse koma m'thumba mwace muli mbee. Makina a ku Ndola analeka kudinda. Pamwamba pa izi, matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo akali ndi mphamvu.

Magumbagumba atafa ndi kusowa okonza, mbale zinasanduka zinyalala. Ndaziona zitakhomedwa pa cipupa ngati zokongoletsa. Ndaziona zitapacikidwa pa mitengo m'munda wa mapira kuti ziopseze mbalame. Ndaona ana akuzigubuduza pa mseu ngati mawilo, ndipo ndaona ina itabvundikira mphika wa nyemba. Pa maliro a nkhalamba, pogawa katundu, anthu amalimbirana njinga ndi mabulangete, bokosi la mbale n'kuponyedwa kuseri kwa nkhokwe kuti ciswe cimalize mapepala ace.

Tsono imvani cimene cinacitika kutali. Anthu a ku America ndi ku Ulaya anazimva nyimbo za anyamata a tsitsi lofutukuka aja, nazikonda. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo za WITCH ndi kuzitulutsanso m'caka ca 2012, ndipo m'caka ca 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zochedwa Welcome to Zamrock! zokhala ndi magulu osiyanasiyana a m'dziko muno. Jagari Chanda, amene anali atasiya kuimba nakhala mphunzitsi, kenaka wokumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa nsanja ali ndi imvi, nakaimba m'maiko akutali, ndipo m'caka ca 2023 gulu lace linatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango. Pokonza nchito yotereyi, nyimbo zina zinapezeka pa mbale zokha zimene anthu wamba anasunga m'nyumba zao, cifukwa matepi oyambirira anatayika. Ganizirani bwino mau amenewa. Mbale imene ili kuseri kwa nkhokwe yanu ingakhale imodzi mwa zocepa zimene zatsala pa dziko lonse.

COCITA NDI CIANI?

Coyamba, tsitsani bokosilo ku denga sabata ino. Mbale zisungidwe coimirira ngati mabuku, pa malo ouma, kutali ndi dzuwa ndi moto. Zikasanjikizana cogona zimapindika ndi kusweka. Zikada, pukutani ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi madzi oyera, motsata mizere, osanyowetsa pepala la pakati. Musayese kutsuka ndi parafini, ndipo zolemera zakale zija musazikhudzitse sipiriti kapena kacasu, pakuti utomoni wace umasungunuka. Zikuto zace zamapepala zisungeni ngakhale zitang'ambika, cifukwa pamenepo ndipo palembedwa maina a oimba ndi caka.

Caciwiri, mwini mbale akali moyo, mdzukulu atenge kope ndi pensulo, alembe: mbale iyi anagula ndani, kuti, caka citi, atagulitsa ciani, ndipo inalira pa ukwati wa yani. Mudzaona kuti pofotokoza za mbale khumi, agogo afotokoza mbiri yonse ya banja: amene anapita ku migodi, amene anabwerako, caka ca njala ndi caka ca zokolola zambiri. Nkhani zimene sanganene mutawafunsa mwacindunji, nyimbo imazitulutsa yokha.

Cacitatu, akabwera munthu wofuna kugula, musathamangire. Si mbale iliyonse imene ili ndi mtengo. Za Jim Reeves zinadindidwa zambirimbiri m'maiko onse, ndipo phindu lace ndi cikumbutso canu basi. Koma zimbale zina za magulu a m'dziko muno za m'ma 1970 zimagulidwa kunja ndi ndalama zokwanira matumba angapo a feteleza. Safunsa anadya phula. Tumani mwana wodziwa intaneti afufuze dzina la cimbaleco musanabvomere mtengo, ndipo ngati mwagulitsa, yambani mwapeza wokujambulirani nyimbozo kuti zitsale pa nyumba.

Cotsiriza ndi cimene cimandisowetsa tulo. Mbale zonse zimene ndachula zinali za oimba a m'matauni. Nyimbo zimene ndinayamba kumva ndisanaione galamafoni, zimene amai anali kuimba pa mtondo podandaula za apongozi kapena za mwamuna wochona, za citelele ca atsikana pa mwezi, za cimtali, za bangwe ya nkhalamba ina imene inali kukhala kumapeto kwa mudzi wathu, sizinafikeko ku Ndola. Hugh Tracey anajambulako nyimbo zotere m'midzi ina ya Acewa m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anayambitsa m'caka ca 1954, imene tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Koma munthu mmodzi sakadafika mudzi uliwonse. Cigayo citabwera mtondo unagona, ndipo nyimbo zace zili kupita kumanda pamodzi ndi amai amene amazidziwa.

Tracey anali kufunika galimoto lodzala ndi makina kuti ajambule nyimbo imodzi. Mdzukulu wanu ali ndi makina oposa amenewo m'thumba la buluku. Inu acinyamata, pemphani agogo mwaulemu, muwagulireko shuga, muwakhazike pa mthunzi pamodzi ndi anzao awiri kapena atatu oti azibvomera, ndipo mujambule. Ayambe anena dzina lao, mudzi wao, ndi amene anawaphunzitsa nyimboyo. Za kudambwe ndi za m'cinamwali zisiyeni, zili ndi eni ace ndi malamulo ace. Za pa mtondo, za kumunda, za pa ukwati ndi zotonthoza mwana ndi zoculuka kale. Mukajambula, musasunge m'foni imodzi yokha, cifukwa foni imagwa m'madzi ndipo imabedwa. Tumizani kwa abale a ku Lusaka ndi ku Kitwe, ikaninso pa kakhadi kena kosungidwa m'nyumba.

Inu akuluakulu anzanga a ku Tamanda, Katete, Chadiza, Lundazi, Petauke ndi konse kumene nyuzipepala ino imafika, tilembereni kudzera kwa Mkonzi. Tiuzeni mbale imene munayamba kugula, kumene munaigula, ndiponso ngati ikalipo. Makalata anu tidzawasindikiza pa tsamba lino.